Phiko pa Khola la a Saulos

Panali chinthu chimene Augustino anali asanauzepo munthu, ngakhale mlongo wake Luisa amene ankadziwa zake zonse. Ndege imene iye ndi bambo ake anapanga sinapite ku Blantyre. Inali kwa a Saulos, tcheyamani wa chipani m'dera lawo ku Chapananga, ndipo phiko lake linali chitseko cha khola la nkhuku.

Ndegeyo inafika pakhomo pawo ili m'bokosi. Bambo ake, a Andrea, anagwira ukalipentala nthawi yaitali ku Ngabu kwa bwana Leonard, mzungu woona za ulimi wa thonje. Mzunguyo pobwerera kwawo anagawa katundu. Wophika analandira njinga, mlonda jekete, koma a Andrea analandira bokosi lalitali ngati la maliro a mwana.

"Ndinaligula ndisanakwatire, koma nthawi inandisowa," anatero bwanayo. "Iwe uli ndi manja."

Bokosilo linakhala pamtanda wa denga zaka zingapo, akazi awo, mayi Rosa, akulinenera zoipa nthawi iliyonse likagwetsa fumbi. Linatsika chaka chimene Augustino anakhoza Sitandade 8 kachiwiri, dzina lake n'kusowanso pa osankhidwa kupita kusekondale. Mnyamatayo anali wa mawu a m'khosi. Munthu akamufunsa kanthu ankayamba wayang'ana zala za kumapazi. Zotsatira zitatuluka anangokhala kuseri kwa nkhokwe, kumasenga phesi la mapira popanda chimene akupanga.

"Iwe Gusti," bambo ake anamuitana tsiku lina. "Chingerezi chakocho chisaole. Bwera undiwerengere pepala ili."

Pepalalo linali pulani, lalikulu kuposa mphasa. M'bokosimo munali timatabwa topepuka kuposa phesi, todindidwa manambala, kainjini kokwana m'dzanja, nsalu yopyapyala yokutira, chitini cha mafuta chosatsegula, ndi kabokosi ka wayilesi kokhala ndi timitengo tiwiri ndi mlongoti wotalika ukamaukoka. Augustino anawerenga kawiri asanakhulupirire. Ndegeyo siinali ya kukoka ndi chingwe. Inali youluka yokha, munthu ali pansi akuiwongolera ndi kabokosiko.

Anachotsa chitseko cha khitchini n'kuchigoneka pamthunzi wa bwemba kuti chikhale tebulo. Guluu wa mzungu anali atauma ngati mwala, choncho a Andrea anaphika wawo wa ukalipentala m'kachitini. Mapini atatha, Augustino anakathyola minga ya mthethe n'kumakhomera nayo timatabwa pa pulani. Chiswe chinali chitalowa pakona imodzi ya bokosi n'kudya nthiti zina za phiko. Apo a Andrea anafuna kutaya mtima, koma mnyamatayo anang'amba nsungwi, n'kuipala mpaka inayamba kuonetsa kuwala, n'kuipinda pamoto potsata mzere wa pulani. Nthiti za nsungwizo zinali zachikasu pakati pa zinzake zoyera. Ankazidziwa monga munthu adziwira zipsera zake.

"Mwapanga msampha wa nsomba wabwino," Luisa ankatero akamadutsa ndi ndowa. "Koma madziwo muwapeza kuti?"

"Ukadzakwatiwa tidzakuperekeza pa imeneyi," bambo ake ankayankha.

"Ndiye ndifera pakhomo pano."

Augustino ankangomwetulira osadzutsa mutu. Miyezi imeneyo ndi yokhayo imene sanaganizire za anzake amene anapita kusekondale ndi masutukesi.

Atakuta nsalu n'kuipaka vanishi, inauma n'kulimba ngati ng'oma. Phiko linali lalitali kuposa a Andrea atatambasula manja. Anagula mabatire a tochi, ndipo Augustino atakankha kamtengo ka wayilesi, chiwongolero cha kumchira chinatembenuka chokha. Mayi Rosa anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kulowa m'nyumba.

Kenako anamangirira ndegeyo kutsinde la bwemba n'kuliza injini. Palibe amene anayembekezera phokoso lotere kuchokera m'kanthu kochepa choncho. Mbuzi zinadula zingwe, agalu anauwa mpaka kutsidya kwa khwawa, ana a mudzi wonse anathamangira pakhomopo. Ndegeyo inkanjenjemera, ikukoka chingwe ngati mwana wa ng'ombe amene waona mayi wake. Augustino anamva kukokako m'chifuwa mwake. Anagwirizana kuti Loweruka akaiulutsa pabwalo la mpira la kusukulu.

Koma Lachinayi m'mawa anapeza bambo ake atavala malaya a kutchalitchi, tambala ali m'khwapa.

"Ababa, mukupita kuti?"

"Kwa a Saulos. Mudzi wonse wamva. Ukufuna akamve kwa ena kuti kwa Andrea kuli wayilesi ya mlongoti? Ife ndife obwera, mwanawe. Agogo ako anachita kuwoloka malire, ndipo kumene anachokerako lero kuli nkhondo. Chinthu chachilendo sabisa. Umayamba waonetsa eni dera."

"Bwanji tiiulutse kaye kamodzi?"

Anazinena motsitsa kwambiri moti mwina bambo akewo sanamve. Kapena anamva.

A Saulos anafika masana ndi anyamata awiri a yufi ya chipani ovala malaya ofiira. Anali munthu wonenepa, woseka msanga, wa maso osaseka. Anazungulira ndegeyo, n'kugogoda phiko ndi chala. Kenako ananyamula kabokosi ka wayilesi n'kukoka mlongoti mpaka kumapeto.

"Kameneka kamalankhula ndi yani?"

"Ndi ndege yokhayi, atcheya," a Andrea anayankha atagwira chipewa pamimba. "Gusti, aonetse."

Augustino anakankha kamtengo, mchira n'kugwedezeka. A Saulos anaseka mpaka kutsokomola.

"Andrea, ukudziwa kuti Wamkulu wa dziko akubwera kudzayendera minda mwezi wamawa? Dera lililonse likusonkha mphatso. A kwa Ndamera ati apereka ng'ombe. A ku Kasisi mpunga. Ife chaka chilichonse mbuzi, mbuzi, ngati sitidziwa china. Chaka chino Chapananga ipereka ndege!" Anatembenukira kwa mnyamatayo. "Mphwanga, wapanga ndiwe eti? Akakaona zimenezi kumeneko, malo kusukulu ya ntchito zamanja ndi ako. Ndikakulankhulira ndekha. Nanga ukupereka ndi mtima wako wonse?"

Anyamata a malaya ofiira aja anali akumuyang'ana. Bambo ake analinso akumuyang'ana, ndipo nkhope yawo inali yopempha.

"Inde," anatero Augustino.

"Sindinamve."

"Inde, atcheya. Ndi mtima wonse."

"Takhuta, takhuta kwambiri," a Andrea anathokoza m'Chisena cha kwawo, akuwomba m'manja ngati iwo ndi amene alandira.

Anyamatawo anainyamula pamutu, wina thupi wina phiko. A Saulos anapachika wayilesi paphewa. Pansi pa bwemba panatsala chitseko cha khitchini chodzaza mabowo a minga.

Ulendo wa Wamkulu unachitika, unatha. A Saulos anati mphatso zonse zinakwezedwa mulole kupita ku Blantyre, ndipo ndege inayamikiridwa koposa. Za sukuluzo anati zikuyenda, koma nkhani za kumaofesi zimafuna kukumbutsa, ndipo wokumbutsa sayenda ndi njala. A Andrea anamva. Anatumiza nkhuku. Mvula itayamba anatumiza mbuzi.

Mbuzi yachiwiri anatuma Augustino. Atcheya kunalibe, ndipo akazi awo anamuuza kuti akaimange kuseri. Kuseriko n'kumene anaona. Phiko analidula ndi chikwanje kuti likwane pakhomo pa khola, n'kulimanga ndi luzi. Nsalu inali itang'ambika m'munsi mmene nkhuku zimajompha, ndipo nthiti zinali pamtunda, zoyera ndi zachikasu, nsungwi zake zija. Chapatali ana awiri ankakoka thupi la ndege m'matope, wamng'ono atakwerapo, akulira ngati galimoto. Pamene panali injini panali dzenje.

Anamanga mbuziyo bwinobwino. Anatsanzika mwaulemu. Panjira anasanza, n'kupukuta pakamwa ndi masamba.

Atafika kunyumba bambo ake anafunsa, "Ati bwanji?"

"Kunalibe."

Tsiku limenelo akananena. Koma anali atapeza bambo ake akufotokozera a Gideon, mnzawo wa kutchalitchi, mmene ndege ya mwana wawo ikukhalira m'nyumba yaikulu ku Blantyre, alendo ochokera kunja akuiona. A Andrea anali munthu amene moyo wake wonse anakhomera anthu ena mipando. Tsopano ankayenda mowongoka. Pamaliro ankawapatsa mpando, ndipo ana ankawatcha "a Ndege". Augustino anayang'ana nkhope imeneyo, ndipo sanafune kuichotsera chimwemwe. Komanso ankadziwa kuti kunena kuti atcheya anadya mphatso ya Wamkulu si nkhani yonena ndi pakamwa. Anthu anapita osabwerera pa nkhani zochepa kuposa imeneyo.

Ndiye anakhala nacho chinsinsicho. Chinkamudya akamalima, chinkamudya a Gideon akamufunsa kuti, "Amisiri, mukupita liti kusukulu?" Luisa anasiya kumuseka. Tsiku lina anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ukuwonda ngati nthiti za ndege yako," ndipo iye anatuluka panja.

Chaka chotsatira mvula inadula msanga. Mapira anauma asanabereke. Mbuzi zina anagulitsa kuti agule chimanga, zina zinapita kwa a Saulos kukakumbutsa. M'khola munatsala imodzi, yaikazi, ya bere, imene mayi Rosa ankati ndiyo idzadzutse khola.

Lamulungu lina a Saulos anakumana ndi a Andrea potuluka m'tchalitchi. Atcheyawo anati mayina a kusukulu ija a chaka chino akutsekedwa, ndipo iwo akupita kuboma sabata yomweyo. Kunali kungokankha komaliza.

M'mawa mwake a Andrea analowa m'khola ndi chingwe.

"Bambo a Gusti, imeneyo ayi," mayi Rosa anatero ataima pakhomo. "Mwapereka zokwana. Ana adya chiyani?"

"Mwana akaphunzira adzagula khola lonse. Tatsala pang'ono kufika, ndiye tibwerere? Gusti, tiye. Ukaonekere wekha, akakuone nkhope."

Ananyamuka dzuwa lisanakwere. Njira inadutsa m'minda youma, mapesi ataima mopanda ngala. Mbuziyo inkakana, ikumaima n'kulira, mimba ikugwedezeka uku ndi uku. A Andrea ankaikoka akulankhula za sukulu: kuti akafunika nsapato, kuti akampatsa pulena yawo yakale yopalira matabwa, kuti asakachite manyazi pakati pa ana a m'tauni. Augustino ankayenda kumbuyo akuyang'ana zidendene za bambo ake, zong'aluka, zotuwa ndi fumbi. Anaganiza kuti akafika atcheya sadzawalola kupita kuseri. Adzalandira chingwe pakhonde, n'kuseka, n'kumutcha mphwanga. Ndipo chaka chamawa, mbuzi kulibe, adzapempha pulena ija.

Anatsikira mumtsinje wouma. Kutsidya kwake, pamwamba pa mtunda, malata a nyumba ya a Saulos anali kung'anima.

"Ababa."

Sanamve. Mchenga unkameza mawu.

"Ababa, taimani."

A Andrea anatembenuka. Augustino anafuna kuyang'ana pansi monga mwa masiku onse, koma anadzigwira.

"Ndege ija sinapite ku Blantyre. Ili uko. Phiko analidula, ndi chitseko cha khola la nkhuku. Ndinaliona ndi maso anga tsiku lija munandituma. Injini anachotsa. Sukulu kulibe, Ababa. Sikunakhalepo."

Chinthu choyamba chimene bambo ake anachita chinali kuyang'ana kumtunda kwa mtsinje, kenako kumunsi, ngati kuli munthu wamva. Kunalibe aliyense, koma mayi wina kutali akufukula madzi mumchenga. Atatero m'pamene anamuyang'ana mwana wawo.

"Chepetsa mawu," ananong'ona. "Mwina ndi lina. Mwina waona molakwa."

"Nsungwi zija ndinapala ndine."

Mapewa a bambo ake aja amene anawongoka chaka chonse anatsika pang'onopang'ono, ndipo Augustino anadana ndi a Saulos, anadana ndi bwana Leonard ndi bokosi lake, anadzidanso yekha poona zimenezo. Koma anatambasula dzanja n'kugwira chingwe cha mbuzi. Bambo ake sanachigwiritse.

"Ndipo tsiku lija ndinanama," anatero Augustino, mawu ake akumveka mpaka mayi wa kutali uja anadzutsa mutu. "Sindinapereke ndi mtima wonse. Sindinapereke n'komwe. Anatilanda, isanauluke ngakhale kamodzi."