Tintchentche Togwa Khunyu

Ruti sanaliiwale dzanja la a Bernado, kapitawo wa pa esiteti ya fodya ku Chisepo. Ndi dzanja limenelo lomwe linatsekereza anthu tsiku limene Fatsani, mlongo wake wa Ruti, anagwa khunyu pamoto wa balani youmitsira fodya. Kapitawoyo anati wogwira munthu wakhunyu amatengera matendawo. Matenanti anangoti kakasi, manja kumbuyo, Fatsani akupsa. Anatsirizikira panjira ya kuchipatala.

Mkwiyo umenewo ndiwo unamufikitsa Ruti ku yunivesite, kumene, pofufuza za khunyu, ankaweta tintchentche tija timaunjikana pa nthochi zoola. Muubongo mwa timeneti, monganso mwa munthu, muli timaselo tokuta mitsempha ngati pulasitiki ya pa waya wa magetsi. Timaseloto tikafooka, uthenga wa m'mitsempha umayenda mosokonekera. Tintchentche ta Ruti tinali totero: tikangotenthedwa, tinkaphupha n'kugwa.

Pa holide anabwera nato m'kabotolo kuti amayi ake aone. Nkhani inawanda, ndipo posakhalitsa a Bernado anatulukira, chipewa m'manja, ulemu wadzaoneni. Mwana wawo Margareta anali atayamba kugwa, asing'anga atawadyera mbuzi zonse, ndiye amati mwina wophunzirayu awauza kolowera.

Ruti sanawapatse ndi mpando womwe. Ankadana nawo, ndipo mtima unkamuuza kuti awabweze chimanjamanja. M'malo mwake anawaimika padzuwa, nawapatsa kabotolo kaja.

"Fumbatani."

Anafumbata. Dzuwa la Okutobala ndi kutentha kwa chikhatho zitagwirizana, tintchentche tinayamba kuphupha, miyendo m'mwamba. A Bernado anafuna kukaponya, koma Ruti anawapana zala, anthu a pamudzi akuonerera.

"Musatsegule dzanja, abambo. Mwagwira zakhunyu. Tikudikira kuti nanunso mugwe."

Anadikiradi. Munthu wamkuluyo thukuta linayenderera mpaka m'khosi, koma sanagwe. Ruti sanafulumire. Atakhutira, anaika kabotolo pamthunzi, ndipo tintchentche tinadzuka n'kuyamba kukwera galasi ngati palibe chachitika.

"Mwaona? Fatsani akanadzuka chonchi."

A Bernado anangoti zyoli. Ruti anawauza kuti apite naye mwanayo kuchipatala ku Mponela, mankhwala ake aliko. Ananena chifukwa cha Margareta, osati iwo, ndipo anaonetsetsa kuti adziwe zimenezo. Akutembenuka kuti azipita, anawaitananso.

"Margareta akadzagwera pamoto, mudzamukoke. Dzanjalo limatha kugwira, tonse taona."