Nkhuku Zitatu za a Nason

Alamu anga a Nason sankadutsa munthu osawomba m'manja. Akakumana ndi amayi panjira ya kuchitsime, ankatsika panjinga, n'kugwada bondo limodzi, n'kuwomba kuphu kuphu. Ankawombera ngakhale ine, mng'ono wa mkazi wawo. Mudzi wathu wonse, kufupi ndi Sinda, unkati mkulu wanga Getrude anatola mkamwini weniweni.

Manja omwewo ndi amene anaswa mutu wa Getrude ndi mpini wa khasu mu 1958, nsawa zili pafupi kukumbidwa. Anamupeza ataima panjira akuseka ndi munthu wogula thonje, n'kumukokera kunyumba. Atatha, anapita kwa amalume a Ezekieli, n'kugwada, n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti kwachitika ngozi.

Milandu yakupha sinkaweruzidwa kumudzi. Amalume anaitanidwa kukhoti lalikulu kuboma monga nkhoswe ya ukwatiwo, ndipo ine ndinawaperekeza chifukwa ndinalekeza Sitandade 4 ndipo Chizungu ndimamvako. Mlandu wathu unachedwa kulowa. M'malo mokhala pansi pa mtengo ndi anzanga, ndinkalowa n'kukhala kumbuyo kumvetsera ya ena.

Mkulu wina wa ku Vubwi anabaya nkhalamba imene ankati yamulodzera ana. Anamuweruza chingwe, kuti apachikidwe. Amuna awiri anamenyana pamowa, wina n'kufa ndi mpeni. Wotsalayo zaka zitatu. Kenako analowa mayi wa ku Katete, wowonda, khutu limodzi long'ambika. Mwamuna wake ankamumenya kuyambira chikwatire, ndipo tsiku lina mayiyo anadikira kuti agone n'kumutibula ndi munsi. Woweruza anati popeza anadikira, ndiye kuti anaganiza. Chingwe. Mayiyo anafunsa womasulira kuti abwereze, chifukwa khutu lija silinkamva.

Ndinatuluka panja. Ndinali nditaona mmene khotilo limayezera. Funso lake linali limodzi: kodi munthu anapha mtima utapsa pomwepo, kapena anali nazo kale? Mwamuna amene ali ndi mphamvu zopha mkazi ali maso, wapsa mtima chabe. Mkazi amene sangathe kupha mwamuna ali maso, ameneyo ndiye chigawenga.

Ndinawapeza amalume akufwenkha fodya.

"Amalume, akakufunsani mawa, mukanene za maulendo atatu aja amene anamumenya Getrude. Mukanene za dzanja limene anamuthyola, ndi zija ananena pamaso panu, kuti tsiku lina adzamupha."

"Iwe Ida, nkhuku zija unadya nawo kapena sunadye?"

"Ndinadya."

"Ndiye bwanji? Munthu anapepesa katatu, nkhuku katatu, ankhoswe a mbali zonse tinagwirana chanza. Mlandu wodyera nkhuku sufukulidwa. Ukufuna kuti anthu a kwawo azinena kuti Ezekieli amasanza zimene anameza?"

"Getrude ali m'manda, amalume."

"Ndikudziwa. Ndinakumba nawo ndine."

M'mawa mwake loya wa a Nason anawafunsa amalume poyera ngati mkamwini wawoyo anayamba wamenyapo mkazi wake. Amalume anayang'ana kudenga. Anati iwo sakudziwa choipa chilichonse cha munthuyo, kuti ndi mlimi, ndiponso waulemu kuposa ana obadwira m'mudzimo. Sankanama mumtima mwawo. Kwa iwo milandu ija inali itafa pamodzi ndi nkhuku.

Ndinaimirira. "Nanga dzanja lija? Afunseni za dzanja!" Ndinakuwa m'Chichewa, kenako m'Chizungu changa chothyokathyoka. Msilikali anandigwira pamkono n'kunditulutsa, akuti sindine mboni. Chigamulo ndinachimvera pawindo. Anati anapha mosafuna, atapsa mtima poona mkazi wake ndi mwamuna wina. Zaka ziwiri. Dzulo lake lomwe, wakuba ng'ombe anali atapatsidwa zisanu.

M'katimo ndinamva kuphu kuphu. A Nason ankathokoza woweruza.

Zaka ziwirizo sizinakwane n'komwe. Anawachotserako chifukwa cha khalidwe labwino. Anatulukira m'mudzi masana, atanenepa, atanyamula mbuzi panjinga ya mbale wawo. Usula, mwana wa Getrude, atawaona anathawira kuseri kwa nkhokwe. Iye anali pomwepo tsiku lija, ndipo kuyambira pamenepo sankalola kugwira khasu.

Patapita sabata amalume anandiitana pakhonde pawo. Amayi anali pomwepo, maso ali pansi.

"Takhala pansi akuluakulu," anatero amalume. "Mwana afunika bambo wake, munda wa thonje uja wagonera. Nason wapepesa ndi mbuzi. Iwe sunakwatiwe. Ulowe m'malo mwa mkulu wako."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, ngati mayi wa ku Katete uja.

"Mwati ndikagone m'nyumba imene ndinakolopa magazi?"

"Pakamwa pako, iwe! Boma lenileni, la azungu ophunzira, lati sanafune kupha. Iwe ndiwe yani woti utsutse?"

"Boma linanena zimene munaliuza inu."

"Ida," anatero amayi chapansipansi, "usawayankhe choncho amalume ako."

"Ndingofunsa chimodzi, amayi. Akandithyola dzanja, nkhuku. Akandipha, mbuzi ndi zaka ziwiri. Nanga ine ndikawadikira kuti agone? Ndinaona ndi maso anga zimene amachita ndi mkazi wotero. Amamupachika."

Kumunsi kwa bwalo a Nason anali atagwada, akudikira kuitanidwa, manja atawakonzeratu.

Ndinanyamuka osatsazika. Mkulu wathu wina, mwana wa amayi aakulu, amagulitsa ndiwo pamsika ku Lusaka, ndipo anandiitanapo kale. Basi imadutsa pa Sinda m'mawa. Sindinabise kanthu, ndinasiya chitseko chotsegula kuti aliyense aone. Ndinaika m'chikwama madiresi anga awiri, bulangete, ndi chitenje cha Getrude. Kenako ndinatenga tizovala ta Usula.

Amalume anaima pakhomo. "Mwanayo ukupita naye kuti?"

"Mwana ndi wa kuchikazi, amalume. Mwambo umenewonso ndi wanu."

Ndinamanga chikwama ndi luzi, n'kuchiika pafupi ndi chitseko, n'kumuuza Usula kuti akasambe mapazi.