Mankhwala Kuseri kwa Kabati

Mayi telala anayamba kuwamva makoswe mvula itangoyamba. Poyamba ankangothamangitsana pamwamba pa siling'i, kenako anazolowera n'kuyamba kutsika. Anadya sopo, anaboola thumba la mpunga, ndipo m'mawa wina mayiyo anapeza atatafuna lamba wa makina ake osokera, chinthu choti ngakhale galu wanjala sangachinunkhize n'komwe.

Chipinda chake chinali chakumapeto pa mdadada wa zipinda za lendi, kuseri kwa nyumba yaikulu ya a landilodi. Kuseri kwa khoma lake kunali kachipinda komwe a landilodiwo ankasungiramo matumba a chakudya cha nkhuku zawo zoikira mazira. M'munsi mwa khomalo simenti inali itagumuka, ndipo panali bowo loti chibakera cha munthu wamkulu n'kulowa. Mayi telala ankatsekapo ndi zidutswa za nsalu, koma kukacha ankapeza zonse zitakokeredwa mkati.

Tsiku lomwe makoswe anaboola yunifolomu ya mwana wa kasitomala, mtima unamuwawa. Anainyamula n'kupita nayo kukhola, komwe a landilodi ankapukuta mazira. Anali bambo wachikulire, wopuma pa ntchito, wa mawu ochepa koma obaya.

"Bambo, taonani izi. Ndi chovala cha eni ake ichi."

A landilodi anayang'ana chovalacho, kenako anayang'ana mayiyo. "Ndiye mukuti ndadya ndine?"

"Ayi, bambo. Ndikunena za bowo lija. Akuchokera ku matumba anu."

"Mayi, mmene munkalowa m'chipinda chija munapezamo khoswe? Makoswe amatsata zinyenyeswa. Khoma ndi denga ndi zanga, zikagwa mudzandiuze. Koma chilichonse choyenda ndi miyendo m'chipinda mwanu, chimenecho ndi chanu."

"Komatu akulowera pakhoma lanu lomwelo."

"Khoma langa silinaberekepo khoswe," anatero a landilodi, n'kutola dzira lina.

Mwamuna wa telala, yemwe anali makaniko pa galaja ina, atamva nkhaniyi anangopukusa mutu. "Mayi akunyumba, musayambane ndi mwini nyumba. Akatithamangitsa makina anuwo tikawaika pamutu?" Mwamunayo anati apeze mphaka, koma a landilodi anakaniratu, poti mphaka adzawathera anapiye. Anayesa misampha. Khoswe mmodzi anakodwa, enawo ngati anakaitana msonkhano, chifukwa kuyambira pomwepo ankadya nyambo n'kusiya msampha uli chitcherere.

Mapeto ake mayi telala anapita kumsika n'kugula kapaketi ka mankhwala a makoswe, timibulu tobiriwira tonga maswiti. Wogulitsayo anamuchenjeza kuti aike patali ndi ana. Iye anayankha kuti mwana wake ndi wamkulu, ali ku sukulu yogonera komweko. Atafika kunyumba anathira timibuluto pa chivundikiro cha botolo, n'kuchikankhira kuseri kwa kabati ya mbale, pafupi ndi bowo lija, pomwe ngakhale dzanja lake silinkafika bwino. Sanauze munthu. Ankadziwa kuti a landilodi akamva anena kuti akufuna kuwaphera nkhuku.

Panali mwana mmodzi yemwe ankalowa m'chipindamo ngati kwawo. Anali mdzukulu wa a landilodi, kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, mwana wa mpongozi wawo yemwe ankakhala nawo m'nyumba yaikulu. Anthu onse pamdadadapo ankamutchula kuti Mabatani, chifukwa akafika kwa telala ankathamangira chitini cha mabatani n'kumachigwedeza ngati chisekese. Mayi telala ankamukonda. Akamasoka, kamwanako kankakhala pamapazi pake n'kumayang'ana gudumu la makina likuzungulira.

Patapita masiku, m'chipindamo munayamba kununkha chovunda. Mayi telala anadziwa kuti mankhwala agwira ntchito. M'mawa wa tsikulo anakoka kabati, napeza khoswe wamkulu atauma pakona. Anamunyamula ndi pepala la pulasitiki kukamutaya kudzala. Akubwerera anakumana pakhomo ndi kasitomala wina, mayi wa changu yemwe ankafuna kuyeza diresi lake asanapite kuntchito.

"Apa pathina. Ayi, tsitsani pang'ono. Nanga manjawa bwanji akuoneka ngati a mphunzitsi wamkulu?"

Mayi telala anali ndi mapini kukamwa, akugwada, akuimirira, akuseka nthabwala za kasitomala. Anamuona Mabatani akulowa n'kudutsa pansi pa tebulo, koma maganizo ake anali pa mpendero wa diresi. Kasitomala atatuluka m'pamene anazindikira kuti m'chipindamo muli zii. Chitini cha mabatani sichinkalira.

Anatembenuka. Kabati inali pomwe anaisiya, itatalikirana ndi khoma. Kuseri kwake kunkaoneka timiyendo tiwiri.

Mabatani anali atakhala phee, chivundikiro chili m'manja. Milomo yake ndi chibwano zinali zobiriwira. Atamuona telala anamwetulira, n'kumutambasulira dzanja kuti naye alaweko.

Mayiyo anamunyamula mwanayo, n'kumupisa chala m'kamwa. Munatuluka timibulu tiwiri tosungunuka. Pa chivundikiro panatsala tochepa, ndipo sankadziwa kuti tingati tadyedwa ndi makoswe, tingati tapita m'mimba mwa mwana. Mabatani anayamba kulira chifukwa cha chalacho. Kwa kamphindi mayi telala anaganiza zongomupukuta pakamwa, kumumwetsa madzi, n'kumubweza kwa mayi ake ngati palibe chachitika. Mwanayo ankaoneka wabwinobwino. Ndani akanadziwa? Ganizolo analitaya pomwepo. Anatsomphola paketi ya mankhwala pamwamba pa kabati n'kuthamangira panja wopanda nsapato.

Mpongozi wa a landilodi anali pampopi, akuchapa.

"Amake Mabatani! Mwana wadya mankhwala a makoswe!"

Mayi wachitsikanayo anaimirira thovu lili m'manja, osamvetsa. Ataona pakamwa pa mwana wake anakuwa mfuu yomwe inatulutsa anthu m'zipinda zonse. Anamulanda mwanayo n'kuyamba kumugwedeza. Wina anati amumwetse mkaka, wina anati mafuta ophikira, wina anati madzi a mchere kuti asanze.

"Ayi, kuchipatala!" anatero telala. "Tiyeni kuchipatala!"

A landilodi anatulukira kuchokera kukhola. "Mankhwala achokera kuti pakhomo panga pano?"

"Ndinaika ndine, bambo. M'chipinda mwanga."

Bamboyo anamuyang'ana diso lomwe mayiyo sanaliiwale. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makiyi a kagalimoto kawo konyamulira mazira. Galimotoyo inakana kulira. Anapotoza kiyi kachiwiri, inangokhosomola. Amuna awiri a pamdadadapo anaikankha mpaka pamsewu, ndipo m'pamene inadzidzimuka.

Mayi telala anakwera kumbuyo, pakati pa mathireyi opanda kanthu, paketi ili m'manja. Palibe anamuuza kuti akwere, palibenso anamuletsa. Kudzera pagalasi ankaona mutu wa mwana uli paphewa pa mayi ake. Mabatani anali atasiya kulira, ndipo zimenezo n'zomwe zinkamuopsa kwambiri. Pamphambano panali mzere wa magalimoto. A landilodi anaimba hutala mpaka anthu kumawatukwana, kenako anakwereza galimoto m'mbali mwa msewu n'kudutsa ogulitsa zipatso akubalalika.

Kuchipatala namwino anafunsa chinthu chimodzi: "Wadya chiyani?" Mayi ake ankangolira. Telala anapereka paketi ija. Namwinoyo anaiwerenga uku ndi uku, anafunsa ngati amusanzitsa kapena kumumwetsa kalikonse, ndipo atamva kuti ayi anagwedeza mutu n'kulowa naye mwanayo limodzi ndi mayi ake. Chitseko chinatsekedwa.

Pabenchi la pakhonde panatsala anthu awiri, mmodzi uku wina uko. Telala anayang'ana mapazi ake, odzaza matope. Anali akadali ndi tepi yoyezera m'khosi.

"Mukafika kunyumba muyambe kupakira," anatero a landilodi, osamuyang'ana. "Ndipo mwana uyu chikamuchitikira chinthu, nkhaniyi sithera pa kusamuka."

"Ndamva, bambo."

"Kuika poizoni pakhomo pa ana, osauza munthu! Mutu wanu umayenda bwino?"

Mayi telala anafuna kukhala chete, monga mwamuna wake akanamulangizira. Koma mawu anatuluka okha. "Ndalakwa, bambo, sindikukana. Ndinaiwala kubwezera kabati. Mwanayo ndimamukonda ngati wobereka ndekha. Koma ndinabwera kwa inu ndi chovala m'manja. Munati choyenda ndi miyendo ndi changa. Mphaka munakana. Bowo munakana. Ndikanatani?"

"Ndiye mwati mundilange popha mdzukulu wanga?"

"Musatero, bambo. Chonde musatero."

Anthu odutsa ankawayang'ana. A landilodi anaimirira, anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, anabwerera, anakhalanso pansi. Chitseko chikatsegulidwa onse awiri ankadzambatuka, koma ankatuluka anthu ena.

Dzuwa litapendeka mpongozi anatuluka yekha, maso atatupa. Anati mwana amumwetsa mankhwala akuda ngati makala ndipo amutenga magazi. Adokotala anena kuti zikuoneka kuti sanameze zambiri, koma mankhwala amtunduwu amagwira pang'onopang'ono, ndiye agona konko, ndipo adzamuyezanso magazi pakapita masiku.

"Wamva?" anatero a landilodi, akuloza telala. "Ndamuuza kale uyu kuti achoke."

Mpongozi anali munthu woti pamaso pa apongozi ake sankakweza mawu. Koma tsikulo anawayang'ana m'maso.

"Bambo, ndikhululukireni, koma ndinena. Sabata yatha khoswe anakwera pabedi pomwe mwanayu amagona. Ndinakuuzani. Munati ndine waulesi, sindisesa. Ine ndinakagula mankhwala omwewa. Ali pamwamba pa wadiropu m'chipinda mwathu, sindinatsegule chifukwa ndimaopa inu. Akanakhala kuti sanadye a mayiwa, mwina akanadya anga."

Mpongozi anatembenukira kwa telala, ndipo nkhope yake sinafewe.

"Inunso, mayi, mumadziwa kuti mwana wanga amalowa kwanu tsiku lililonse. Mukanangondinong'oneza. Mawu amodzi okha."

Mpongozi anabwerera mkati.

Madzulo a tsikulo makaniko anapeza mkazi wake akupinda nsalu za makasitomala n'kumaziika m'katoni. Anamvetsera nkhani yonse ataimirira pakhomo, ovolosi ili m'thupi. Kenako anatenga tsache, anasesa timibulu totsala, anakatitaya m'chimbudzi, n'kubwezera kabati pakhoma.

"Musapakire kaye," anatero. "Tidikire za mwana."

Mawa lake Mabatani anatuluka m'chipatala akudya nthochi, osadziwa kuti wagwedeza mudzi. Atamuyezanso magazi, anapezeka ali bwino. Telala anamva nkhaniyi kwa mayi wa chipinda choyandikana ndi chake, ndipo analowa m'nyumba n'kulira kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngoziyo.

Loweruka lotsatira kunabwera mmisiri ndi thumba la simenti ndi waya wa sefa. Anamata khoma la telala, anakwera m'siling'i n'kutulutsa zisa zodzaza ndowa, ndipo chakudya cha nkhuku anachithira m'migolo yachitsulo yokhala ndi zivundikiro. A landilodi anaitana anthu onse a pamdadadapo n'kunena, maso ali pansi, kuti mabowo ndi siling'i ndi udindo wawo monga eni nyumba, aliyense asamale zinyalala zake, ndipo munthu asadzaikenso mankhwala pakhomopo popanda kuuza anzake. Za kusamuka sanazitchulenso. Sanapepese, ndipo telala akawapatsa moni ankayankha ndi mutu wokha.

Makoswe anachepa. Koma mpongozi anasiya kumusiya mwana pansi akamachapa. Ankamubereka kumbuyo, ndipo akamadutsa pakhomo pa telala ankapereka moni waulemu, wathunthu, osaima. Mabatani ankapotoza khosi, akutambasula dzanja, mpaka atakhota pakona.

Tsiku lina makaniko akudya chakudya chamasana, mkazi wake anamuuza kuti azifunsafunsa kwa anzake a pagalaja ngati kuli chipinda kwina.

"Bwanji tsopano? Zinthu si zakhala bwino?"

"Zakhala bwino," anatero mayi telala. "Koma muzifunsabe."