Juzi ya Lenah

"Amayi, bwanji makina a anti Lenah amachedwa chonchi kuumitsa zovala?"

Chimango anafunsa zimenezi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amayi ake, Magdalene, anayankha mosaganiza kuti anti akewo amaumira magetsi. Yankho limenelo anali kulikhulupiriradi.

Munali mu 2004. Mabanja awiriwa ankakhala moyang'anizana pa nyumba ina yosanja ku Kilimani mumzinda wa Nairobi, onse ochokera ku Malawi. Lenah ankagwira ntchito ku bungwe lina loona za othawa kwawo ndipo anali ndi makina oumitsira zovala. Mu Julayi, pamene dzuwa la Nairobi limasowa sabata yathunthu, anapatsa Magdalene kiyi wa nyumba yake kuti aziumitsa za ana. Anangopempha chinthu chimodzi: kabatani kazikhala pa chithunzi cha tsamba lobiriwira. Anati pamenepo makina amatentha pang'ono, amatenga nthawi, koma magetsi sapita ambiri.

Lachinayi lina Lenah anathamangira ku ntchito atasiya zovala zake zonyowa m'makinamo. Anauza Magdalene kuti awonjezere zake n'kuyatsa. Amuna a Magdalene ankanyamuka masana omwewo kupita ku Arusha, malaya onse ali chinyowere. Magdalene anapotoza kabatani mpaka kumapeto, nadziuza kuti tsiku limodzi silingasaukitse munthu wolandira madola.

Malaya anauma msanga. Pansi pake panatuluka juzi yaubweya yofiirira, itakhwinyata n'kulimba, yoti ngakhale Chimango sikanamukwana. Magdalene ankaidziwa. Inalukidwa ndi amayi ake a Lenah ku Ekwendeni, chaka chimene anamwalira.

Anayesa kuiviika m'madzi, anaikoka uku ndi uku, osatheka. Anaganizapo zonena kuti makina anasokonekera okha. Madzulo Lenah atafika, anangomupatsa juziyo pamodzi ndi kiyi, nafotokoza zonse monga zinachitikira.

Lenah anaitembenuza kangapo, nalowetsa dzanja m'mkono umene tsopano sunkapitirira chigongono.

"Munkaona ngati ndimawerengera magetsi, eti amake Chimango?"

"Ndinkatero."

"Nawonso ndimawerengera, musadabwe. Koma iyi ndaiumitsa pa tsamba paja zaka zitatu osavuta."

Kwa milungu iwiri ankangopatsana moni pa masitepe. Zovala za ana zinabwerera pa chingwe cha pakhonde, n'kumanunkha chinyezi. Magdalene sanadandaule kwa aliyense.

Loweruka lina Lenah anagogoda. Anati mu Disembala sapita kumudzi, tchuthi amukaniza, ndipo anamva kuti a Magdalene akupita. Ku Ekwendeni kunali azakhali ake a Lenah amene anasunga singano zolukira za malemu amayi ake ndi ubweya wotsala.

"Kuchokera ku Lilongwe ndi kutali, ndikudziwa," anatero.

"Ndikafika. Juziyo mundipatse, akaone kalukidwe kake. Sindibwerako chimanjamanja."

"Mukabwera nazo, mudzandiphunzitse kuluka, poti inu mumatha. Ine amayi ndinkawakanira."

"Ndidzakuphunzitsani."