Kaseti Yolembedwa Mayi

Hamdani anatsika panjinga isanaime n'komwe. Anali atapalasa kuchokera kusitolo kwake pa Kaluluma akuyeseza mokweza mawu odzanena pa wailesi Lachinayi, koma zimene anaona m'munda mwa Perpetua zinamuiwalitsa zonsezo. Munda wonse unali waliwali. Pa timitengo tozikidwa m'mizere panali patamangidwa kachingwe kakuda, kopyapyala, ndipo mphepo ikawomba kankalira ngati mavu. Munthu amene anagulitsa makaseti zaka khumi sakanafunsa kuti chimenecho n'chiyani.

"Odi kuno, alamu!" anafuula.

Perpetua anaweramuka pomwe ankabzala m'mapando ofukulidwa. Anali mkazi wamasiye wa Aloysius, mnzake wa Hamdani wa ponda apa nane mpondepo.

"Fikani, alamu. Sitolo mwasiyira ndani m'mawa uno?"

"Za sitolo zisiyeni. Kachingwe aka mwakatenga kuti?"

"M'kaseti yanga. Akhwangwala andisautsa. Kuponi ya mbewu ndinalandira imodzi, kapaketi kamodzi basi, feteleza thumba tagawana mabanja awiri. Ndisiye mbalame zindidyere?"

Kunena zoona, nzeru imeneyi anaibweretsa m'derali ndi Hamdani yemweyo. Iye ndi Aloysius ndi amene anayambitsa Mkangala Rekodi, kampani yojambula nyimbo za roko, ngati chigafa cha fodya chokhala ndi batire la galimoto tingachitche kampani. Aloysius ankaimba gitala kudzera m'sipika yong'ambika, ndiye gitalayo inkalira mokalipa, mosasa mawu, mpaka akuluampingo ankalambalala njira. Koma matenanti a m'maesiteti anazikonda nyimbozo koopsa. Fodya akangogulitsidwa, makaseti ankatha ngati zitumbuwa, ndipo magulu oimba ankabwera wapansi kuchokera ku Lisasadzi ndi ku Kapelula kudzajambulitsa. Anajambula magulu asanu ndi anayi. Kenako Aloysius anadwala n'kumwalira, nyimbo zinayamba kuyenda pa zimbale ndi m'mafoni, kampani n'kugona. Makaseti otsala Hamdani anawagawira alimi kuti aziopsezera mbalame, osasiyako ngakhale imodzi.

Anatero mtima uli m'malo, chifukwa ankadziwa kuti kaseti yeniyeni, yoyamba ya gulu la Aloysius lotchedwa Ana a Chikonga, inali yosungika m'nyumba mwa malemuyo. Tsopano mayi wina wa ku wailesi ya kuboma, dzina lake Evelyn, ankafuna kudzajambula mbiri ya Mkangala Rekodi, ndipo anati popanda nyimbo pulogalamu palibe.

"Chikhokhombe chake chili kuti?" Hamdani anafunsa.

Perpetua analoza pachitsa. Hamdani anakatola kaseti yopanda kanthuyo, n'kuona zilembo zinayi za dzanja la Aloysius: MAYI. Anangokhala pamzere osasamala kuti thalauza ndi yoyera.

"Walahi, alamu, mwatipha! Mwayanika mayi padzuwa!"

"Mayi ndine, ndipo padzuwa ndakhalapo kuyambira kale. Mwangoona lero?"

"Sindikunena inu ayi. Pantchito yathu, kaseti yoyamba imene timajambulira oimba ali pomwepo tinkaitcha mayi, chifukwa makaseti ena onse ankabadwa kuchokera mwa iyo. Enawo ndi ana. Mwana akatayika palibe kanthu, koma mayi ndi mmodzi. Muli nyimbo zisanu ndi ziwiri umu, ndipo kwina kulikonse kulibe. Mawu a Aloysius atsala apa pokha, pa timitengo tanuti!"

Hamdani ankayembekeza kuti mayiyo agwira pakamwa n'kupepesa. Perpetua anangoika pansi kambale ka mbewu, n'kumuyang'ana.

"Ndiye kuti sanalembere ine?"

"Mwati bwanji?"

"Bambo aja ankanditcha mayi. Atamwalira, abale awo anatenga gitala, wailesi, ngakhale nsapato. Ine ndinapeza kaseti iyi pansi pa sutikesi, ndinati ayi, koma kamodzi kokha anandiganizira, anandilembera dzina. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuisunga, poimvetsera ndilibe. Dzana nditaona mbewu ikutha ndinati, bambo, muli moyo munda simunaulondere, lero ndilondereni. Tsopano mukundiuza kuti nayonso inali ya bandi?"

Hamdani ndi munthu woti akhoza kukugulitsa ambulera mu Okutobala, koma apa anangotembenuzatembenuza chikhokhombe chija m'manja. Anachita manyazi, manyazi enieni, ndipo analakalaka akanangotseka pakamwa pake.

Kumbali ya Kapelula kunagunda. Onse awiri anatembenuka. Mitambo inali itada bii, ndipo kamphepo kanasintha n'kuyamba kununkhira dothi lonyowa.

"Alamu," Hamdani anatero motsitsa, "dzuwa la masiku awiri mwina yapirira. Mvula ikainyowetsa, basi, yatha. Koma kaseti ndi yanu, munda ndi wanu. Mukati ikhale, ndikwera njinga yanga."

"Mukaichotsa, akhwangwala muwauza chiyani?"

"Akhwangwala ndithana nawo ndine."

"Inu? Munthu woopa ndi mbuzi yomwe?"

"Ndati ndithana nawo. Mpaka chimanga chifike m'bondo."

Perpetua anapukuta manja pachitenje. "Mwanena nokha, ine sindinakukakamizeni. Bolopeni muli nayo? Yambirani uko, mfundo yoyamba ndinamanga pa chitsa icho."

Hamdani anatsegula chikhokhombe ndi nsonga ya mpeni, anamata poyambira, n'kulowetsa bolopeni pabowo. Perpetua ankatsogola akumasula pa kamtengo kalikonse, iye akutsatira pambuyo akupukusa, akuwongola ndi zala pomwe papindika. Kaseti ikakhala m'manja imaoneka kanthu kochepa, koma kuitambasula imazungulira munda. Anadutsa mizere makumi awiri, thukuta lili kamukamu.

"Pukusani msanga, a bwana a kampani!"

"Mukakoka choncho idukatu!"

Inaduka ndithu, kawiri. Hamdani anangolumikiza mongogwirizira n'kupitiriza. Madontho oyamba anawapeza atatsala ndi mzere umodzi. Perpetua anavula mpango kumutu n'kuphimba manja a Hamdani, ndipo anamaliza akuyenda chowerama, mvula ikuwamenya pamsana.

Itakata mvula anapita onse kusitolo. Hamdani anamata moduka muja ndi selotepi yodula bwinobwino ndi lezala, anatulutsa wailesi yakale ya kaseti pansi pa kauntala, n'kuipukuta fumbi. Anadina. Poyamba kunangomveka phokoso ngati la mvula pa malata. Kenako gitala ija inabangula, yosasa, yaukali, ikugwedera pang'ono pomwe dzuwa linawotcha, koma yamoyo. Anthu amene ankabwerera kodikira feteleza kudepoti anaima pakhonde. Mawu a Aloysius atalowa, Perpetua anagwira kauntala ndi manja awiri.

"Mwamva?" Hamdani anafuula, chimwemwe chitamubwerera chonse. "Iyi tinajambula Loweruka, mu Juni, ine nditapita ndekha kukatchajitsa batire!"

"Linali Lachiwiri," anatero Perpetua osamuyang'ana. "Batire ndinasenza ndine pamutu kupita kuchigayo, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Inu munali mukupesa tsitsi. Ndipo sinali Juni, inali Malichi, chifukwa fodya wanga munamutulutsa m'chigafa kuti woimba ng'oma apeze pokhala, ndipo anavumbwa. Kugogoda mukumvako si ng'oma ayi, ndine ndikumenya chitseko kuti munditsegulire."

Pakhonde panabuka chiseko. Hamdani anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma kugogodako kunamvekanso m'nyimbomo, katatu, kunja kwa kayendedwe ka ng'oma. Zaka zonsezi ankauza anthu kuti limenelo linali luso la woimba ng'oma.

Nyimbo itatha, Perpetua anadina yekha batani, anatulutsa kaseti ija n'kuimanga pakona ya chitenje.

"Alamu, nanga a wailesi?" Hamdani anafunsa.

"Njira yakwathu mukuidziwa. Muwalondolere, mubweretsenso wailesiyi ndi mabatire atsopano."

Lachinayi m'mawa Hamdani anavala malaya ake a pa Idi, anatseka sitolo n'kuperekeza Evelyn mpaka pakhonde pa Perpetua. Anali atangokhala pampando, atakonza kukhosi kuti ayambe ndi chaka chimene anabadwa, pamene Perpetua analoza kumunda ndi mlomo. Akhwangwala anayi anali atatera kale pamzere wakumapeto.

Hamdani anayang'ana maikolofoni, anayang'ana mbalame zija. Kenako anadzuka, anapinda thalauza n'kutola chibuluma.

"Afunseni mayiwa," anauza Evelyn. "Analipo kuyambira tsiku loyamba."

Pulogalamu inaulutsidwa Lamlungu masana, ndipo inatenga ola lathunthu. Perpetua anafotokoza zonse, magulu asanu ndi anayi aja mayina awo osaphonya ngakhale limodzi. Mawu a mwini kampani anamveka kamodzi kokha, chapatali, pakati pa nyimbo yachiwiri ndi yachitatu, akukuwa kuti, "Fyaa! Chokani apo!"