Mtovu Wofewa pa Damu la Lindsay

Nkhaniyi anaifotokoza ndi Col Brumpton, Loweruka lija fumbi linatiletsa kuwombera chandamale, titakhala pansi pa shedi ya kalabu yathu kunja kwa tauni ya Quilpie. Ndikuilemba mmene anainenera.

Col ndiye amatiumbira zipolopolo kuno. Amatola timitovu takale tomwe amamata pa mawilo a galimoto, n'kusungunula, n'kuthira m'chikombole. Mlamu wake, Lindsay Harnett, ndi mchimwene wa Glenys, mkazi wa Col. Lindsay amakhala yekha pa famu yake ya ng'ombe, ndipo ali ndi chilolezo chosunga volovolo yamphamvu, ya mtundu wa maginamu, yophera ziweto zovutika.

Chilala chitafika poipa, ng'ombe zinayamba kutsata madzi otsala pakati pa damu n'kumatitimira m'matope. Zina ankazikoka ndi thirakitala, koma zambiri zinali zofooka moti ukakoka umangothyola khosi. Ndiye Lindsay ankayala malata pamatopepo, n'kukwawa chamimba mpaka pamene pali ng'ombeyo, n'kuiwombera pamphumi. Mfuti yaitali sukwawa nayo pamalata, ndiponso maso ake anali atayamba kuchita chidima. Ntchitoyi anaigwira miyezi. Foni anasiya kuyankha. Glenys atapita kukamuona anapeza wagawa agalu ake onse, ndipo atabwerako anauza mwamuna wake kuti akuopa tsiku lina mfuti ija sidzaloza ng'ombe. Mawuwo anamukhala Col mumtima.

M'mawa wina Lindsay anatulukira kwa Col, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Anati zipolopolo zolimba zamuthera, ndipo m'damu mwatitimira zina, pamodzi ndi Bishopu. Bishopu inali nkhunzi yake, yokhayo imene ankaigulirabe udzu, poti ankati mvula ikadzabwera khola lidzayambira pa iyeyo.

Col anali ataumba zina dzulo lake. Anamuonetsa m'chitini, n'kumuuza kuti ngakhale anazigwetsera m'madzi zili zamoto, mtovu wotere umalimba pang'onopang'ono, umafuna masiku. Anatenga chimodzi n'kuchikanda ndi chikhadabo, chinalembeka.

"Alamu, inu mumalera zipolopolo ngati makanda," anatero Lindsay. "Muziyamwitsanso?"

"Zikakula ndikuitanani ku ukwati," anatero Col.

Lindsay sanaseke. Anati kunyumba ali ndi mapaipi akale a mtovu, aumba yekha. Col anamuchenjeza kuti mtovu wa mapaipi ndi wofewa ngati sopo, umafuna wonga wofulumira kupsa, wothira pang'ono, ndipo umenewo ndi wa nkhosa kapena chandamale, si wa chigaza cha nkhunzi. Lindsay anati ngati mtovu uli wofewa, aupatsa mphamvu ndi wonga wochedwa kupsa uja, wa maginamu, adzaze makoko a zipolopolozo. Col anati zikatero motowo umanyambita chipolopolo, mtovu n'kumatirira mumpaipi wa mfuti, zotsatira zake n'kumapita kumene zafuna. Anamupempha adikire, ayimbire anzathu ena a kalabu. Lindsay anamwa tiyi theka, n'kukwera pikapu yake.

Col anayimbadi mafoni, koma wina anali kutali ku Charleville, wina zipolopolo zake zinali za mfuti ina. Pofufuza m'shedi ya kunyumba kwake anapeza kabokosi m'thumba la jekete yakale, muli zipolopolo zochepa za chaka chatha, zothira kale wonga. Anakanda chimodzi, chikhadabo chinangotsetsereka. Dzuwa litapendeka wailesi yolankhulirana ya m'galimoto inalira. Anali Lindsay. Anangoti, "Bwerani ku damu," basi.

Col anatenga kabokosi kaja, ndodo yotsukira mfuti, ndi waya wa kopa wokwechera mapoto wa Glenys. Glenys anamuperekeza mpaka pageti.

Fungo linamulandira asanaone damulo. Lindsay anali atakhala pansi, atatsamira tayala, matope mpaka m'khosi, volovolo ili pamiyendo. Anafotokoza mosakweza mawu kuti anaumbadi zipolopolo za mtovu wa mapaipi uja. Anayamba ndi ng'ombe zazikazi chifukwa zinali pafupi. Zoyamba zinagwa bwino. Kenako ina inafuna zipolopolo ziwiri, ina zitatu. Pofika pa Bishopu, choyamba chinaphwatalala pamphumi osalowa, chachiwiri chinathyola nyanga, chachitatu chinang'amba mphuno. Anasiyira pomwepo n'kukwawa chobwerera.

Nkhunziyo inali pakati, matope atafika m'mapewa, mutu wokha ukuyenda. Sinkalira mokweza. Inkangotulutsa mpweya, magazi n'kumachita thovu. Akhwangwala anali atatera pamsana pake, ena pa ng'ombe zakufa zija.

Col anapempha mfutiyo, Lindsay anachedwa kuipereka. Ataipereka, Col anachotsa zotsalamo n'kusuzumira mumpaipi moyang'anitsa kudzuwa. Mizere ya mkati sinkaoneka, munali mutamatirira mtovu ngati phala louma. Anatsitsa chitseko cha kumbuyo kwa pikapu, n'kukulunga waya wa kopa uja pa burashi ya ndodo ija, n'kuyamba kukwecha. Tizidutswa tonyezimira tinkagwera pachitsulo. Ntchitoyi sifulumira. Nthawi yonseyo nkhunzi inkapuma mwa phokoso lija, ndipo Lindsay ankagenda akhwangwala ndi zibuluma zomwe sizinkafika n'komwe.

Akukwecha choncho, Lindsay anayamba kulankhula. Anati bambo awo sanawomberepo chiweto kawiri. Anati Bishopu anamugula ali mwana wa ng'ombe, ankadya m'manja mwake, ndipo lero pamene ankakwawa, nkhunziyo inatambasula khosi poganiza kuti wabweretsa udzu. Col anangoti mtovu ndiwo unalakwa. Lindsay anati mtovu sudziumba wokha.

Mpaipi utayera, Col anaikamo chipolopolo chimodzi chokha. Anati apita yekha kukaiwombera nkhunziyo. Lindsay anakana, anati ng'ombe ndi yake, chilolezonso ndi chake. Col anaona kuti akalimbana naye zifika poipa, anamupatsa, koma anavula nsapato n'kukwawa pambuyo pake. Malata anali otentha ngati chiwaya, ndipo ankatitimira m'mphepete akasuntha. Col ankangoyang'ana dzanja lomwe linali ndi mfuti.

Atafika, nkhunzi inatembenuza mutu. Diso limodzi akhwangwala anali atachotsa kale. Lindsay anaigwira khutu n'kuilankhula pang'ono, mawu omwe Col sanawamve. Anatsamiritsa zigongono pa lata. Mfuti inalira kamodzi, mutu unagwera m'matope, miyendo sinaoneke n'kugwedera komwe.

Anakhala pamenepo kanthawi, awiriwo chigonere chamimba. Kenako anabwerera.

Pagalimoto Lindsay anapukuta manja pa buluku, n'kuyang'ana kabokosi kaja.

"Zatsala zingati mmenemo?"

"Zilipo."

"Ndisiyireniko chimodzi, alamu."

"Ng'ombe zatha m'damumu," anatero Col.

"Mawa ikhoza kulowa ina."

Col ankadziwa kuti zimenezo zikhoza kuchitikadi. Ankadziwanso kuti munthu amene akuyembekezera ng'ombe zotitimira sapempha chimodzi. Anatenga volovolo ija pachitseko pomwe Lindsay anaiika, n'kusuzumiranso mumpaipi nthawi yaitali, ngakhale munali moyera. Anati mtovu watsalira kumayambiriro kwa mpaipi, pamafunika kunyika m'mankhwala, ndipo mankhwalawo ali kwawo. Anati mfuti yotere sangaisiye m'manja mwa munthu, ingavulaze chiweto china.

Lindsay anamuyang'ana. Mpaipiwo anali atauona yekha pamene Col ankaikamo chipolopolo.

"Bodza simulitha, Col."

"Glenys amateronso."

"Ndi mfuti yanga. Apolisi akakupezani nayo, chilolezo chanu chapita."

"Ndiye mukwere, muziiperekeza. Mwini wake akakhalapo palibe mlandu."

Lindsay anaima nthawi yaitali akuyang'ana damu. Akhwangwala anali atabwerera kale. Col anati mumtima mwake anali atakonzeka kuti mlamu wake akafuna kulanda mfutiyo, agwirana pomwepo, ngakhale Lindsay ndi wamphamvu kuposa iye. Koma Lindsay anangofunsa ngati Glenys akadaphikabe nyama ya nkhosa youma ngati chikopa ija. Col anati inde, ndipo lero ayidya onse. Lindsay anapita kukazimitsa wailesi m'pikapu yake, n'kutenga chipewa, n'kukwera kumpando wa pambali m'galimoto ya Col.

Wina pa shedipo anafunsa ngati Lindsay ali bwino tsopano. Col anati sakudziwa. Akudya, amagona kuchipinda cha kumbuyo, ndipo masana amapita limodzi kukaona ng'ombe zotsala. Ikatitimira ina, amakwawa awiri. Dokotala woyendera mafamu anabwera kamodzi, Lindsay analankhula naye pakhonde, koma zomwe anakambirana sananene.

"Tsiku limenelo titafika kunyumba," anatero Col, "ndinamusiya kukhitchini ndi mlongo wake. Ine ndinapita kushedi, ndinatsekera volovolo m'sefa yanga yachitsulo yosungiramo mfuti, kiyi ndinamangirira m'khosi. Kenako ndinabwerera kufamu kwake dzuwa lisanalowe, ndinakatenga wonga wonse, chikombole, ndi mapaipi a mtovu aja."