Bowa wa pa Chitsa cha Muwanga

Ku Domwe kuno aliyense amadziwa bowa, koma wa ndiwo basi. Mvula ikagwa amayi amathamangira ku zulu ndi malichero, nkhani yathera pomwepo. Bowa amene ankadziwa Estele anali wina: wofiira, wonyezimira ngati wapakidwa mafuta, wolimba moti ungathyole naye dzino. Ankamera pa chitsa chimodzi chokha cha muwanga, kumalire kwa munda wa makolo ake. Malemu amayi ake ndiwo anamuphunzitsa kuti bowayo ndi mankhwala a zilonda zosamva kanthu, zija zimadya mwendo pang'onopang'ono.

Kakonzedwe kake kankafuna maso. Umaika bowayo m'phale pamoto, n'kumamutembenuza mpaka ade bii. Akangoda uphule msanga, usinje, usakanize ndi mafuta a nsatsi, upake pachilonda. Ukachedwa pang'ono amayaka n'kusanduka phulusa loyera, ndipo phulusa loyeralo ndi dothi chabe. Ana onse a m'nyumba ija anakula akuziona zimenezi, kuphatikizapo mchimwene wake wamkulu, a Tarsisio. Ndiye wina asadzandiuze kuti a Tarsisio sankadziwa chimene ankachita.

Chaka china makamiyau a ku Tete anayamba kufika m'mudzi momwe kudzatenga kachewere, ndipo a Tarsisio mutu unawazungulira. Ankafuna munda wonse ulimidwe ndi ng'ombe mpaka kumalire, popanda chitsa chokola khasu. Nthawi yomweyo amuna a Estele, a Policarpo, anali ndi chilonda pamsongolo wakumanzere. Ankawapaka mankhwala a bowa aja, ndipo chinali chitayamba kuuma m'mbali.

Estele anakawagwadira achimwene akewo panjira, anthu akuchokera ku Misa.

“Achimwene, chitsa chija chisiyeni mvula imodzi yokha. Alamu anu apole kaye.”

“Ine ndileke kulima chifukwa cha mwendo wa mkamwini?” anatero a Tarsisio, mokweza kuti onse amve. “Mwendowo anabwera nawo yekha kuchokera kwawo. Zaufiti zako za pachitsazo zatikwana, chemwali.”

M'mawa mwake anaunjika mapesi pachitsapo n'kuyatsa. Chinanyeka masiku atatu, utsi wake ukulowa mpaka m'nyumba mwa Estele.

Mankhwala atatha, chilonda chija chinatsegukanso. A Policarpo anapita kuchipatala ku Ulongwe, kumeneko anawatumiza ku Tete, ndipo pobwera anatsika minibasi ija timati shapa ali ndi ndodo ziwiri, mwendo wa buluku utapindidwa n'kumangidwa ndi chingwe. Adokotala akuti anawauza kuti anachedwa kubwera. Mwina n'zoona, ine sindine dokotala. Koma Estele zimenezo sizinkamulowa m'khutu. Iye ankadziwa munthu amene anayatsa moto, ndipo anamuda ndi mtima wonse, chidani cha tsiku ndi tsiku ngati kutunga madzi.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti moto utazima, Estele anakafukula muzu umodzi umene sunapse, n'kukaukwirira theka m'nthochi za kudimba kwake. Ankauthirira ngati mbewu. Chaka choyamba, zii. Chaka chachiwiri panatuluka bowa mmodzi yekha, wofiira bwino, kukula ngati chikhatho, mwendo umene ankamufunira utapita kalekale. Estele anamuthyola akulira, anamuyanika, n'kumusunga m'chitini pansi pa bedi.

Chaka chachitatu khasu la ng'ombe linawatema a Tarsisio pamsongolo wakumanja, m'munda womwe uja. Anangomangapo kasanza n'kupitiriza kulowa m'matope. Pofika nthawi yokumba kachewere, ntchentche zinkawadziwa kuposa akazi awo. Kuchipatala ankakana, poti anaona mmene alamu awo anabwererako. Kenako mayi wina wolongolola, amene anamuonapo Estele m'nthochi muja, anawatsina khutu.

A Tarsisio anabwera m'mawa pangolo. Anatsika movutika, n'kukhala pansi penipeni pabwalo, iwo amene kale ankayamba afunsa mpando asanapereke moni. A Policarpo anali pakhonde akuluka dengu.

“Chemwali, ndabwera. Ndamva kuti bowa uja uli naye. Ndinalakwa, ndikudziwa. Tinayamwa bere limodzi.”

Estele anayang'ana chilondacho nthawi yaitali. Chinali chofanana ndendende ndi chija, kukula kwake ngakhale fungo lake. Mumtima mwake munatentha, ndipo kunena zoona munakomanso.

“Mayi a Neusa, apatseni,” anatero a Policarpo kwa mkazi wawo, maso ali padengu. “Mwendo wangawu subwereranso.”

Estele anatembenuka. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini, phale ndi kamtondo. Anasonkha moto pabwalo pomwepo, pamaso pa achimwene ake, anaika phale, n'kuikamo bowa uja. A Tarsisio anapumira m'mwamba, misozi ili lengelenge. Anayamba kukamba za amayi awo, mmene ankaimbira potembenuza bowa, mmene ankawathamangitsira ana kuti asapondereze phale.

Bowa uja anayamba kufuka. Kufiira kunachoka, kunabwera kuderako, kenako anada bii. Kafungo kake kowawa kanadzaza bwalo.

“Wapsa ameneyo. Phula,” anatero a Tarsisio.

Estele anaika pansi kamtengo kotembenuzira, napinda manja.

“Chemwali, phula. Apitirira.”

Estele anasonkhezera nkhuni ina. M'mbali mwa bowa munayamba kuyaka kofiira. A Tarsisio anayesa kudzuka, mwendo unakana, anagwera chammbali. Anakwawa ndi zigongono m'fumbi, mwamuna wamkulu wa ng'ombe zinayi, koma Estele anali atayeza bwino posonkha motowo: unali patali. Pamene ankafika n'kugubuduza phale ndi dzanja, munatuluka phulusa loyera, mphepo n'kulimwaza pabwalo.

“Wandipha, Estele.”

“Ine? Ndangomaliza moto umene munayatsa inu. Unatsala pang'ono kuti uthe.” Mawu ake anali ozizira. “Zaufiti zanga za pachitsa zinakukwanani, achimwene. Pitani kuchipatala ngati anthu ena. Shapa ya ku Ulongwe imadutsa dzuwa lili pamutu, ndipo musachedwe, kumeneko amakalipira ochedwa.”

A Policarpo anali atasiya kuluka. Anamuyang'ana mkazi wawo ngati akumuona koyamba.

Estele analowanso m'nyumba. Anatuluka ndi kanthu kokulunga m'chitenje chakale, nakaika pamiyendo pa a Tarsisio mwaulemu wonse, ndi manja awiri, atagwada monga anagwadira tsiku lija panjira. Nkhope ya a Tarsisio inawala pang'ono. Ankayesa kuti mlongo wawo wangowaopseza, bowa wina alipo. Anamasula chitenjecho mofulumira.

Munali nsapato imodzi yakuda, ya ku Misa, yopukutidwa bwino, chidendene chake chosadyeka n'komwe.

“Ndi ya alamu anu, yakumanzere,” anatero Estele. “Yakhala zaka zitatu yopanda phazi. Wanu wovutawo ndi wakumanja, eti? Mukabwerako ku Tete idzakukwanani.”